Mwininyumba Sakhala Pansi

Kwathu ku Paraćin ukalakwa kamodzi, anthu amakusungira mlanduwo bwino kuposa mmene amasungira kabichi mumgolo. Stanimir anali atasiya kale kupita ku nyumba zobetchera, koma akamadutsa pamsika ndi ovolosi yake yomatira matayala, panali amayi ena amene ankakodolanabe n'kumanong'onezana kuti, "Si uja anadya thirakitala ya bambo ake uyu?" Ndipo sankanama. Thirakitalayo anaidyadi, kuyambira matayala mpaka chiwongolero, pa makina a juga ndi pa mpira wa m'mayiko amene iye sanawapondemo n'komwe.

Bambo ake, a Dobrivoje, sanakalipe nthawi imeneyo, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Anangoyang'ana pamalo pamene thirakitala inkaima, nanena kuti, "Slava sindingaipereke m'manja obooka."

Banja lawo limasunga tsiku la Luka Woyera, monga anachitira agogo ndi agogo awo, ndipo phwando la tsikulo ndilo slava. Slava imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, ndipo woilandirayo ndiye mwininyumba. Ndiye amayatsa kandulo, ndiye amanyema buledi, ndipo kandulo ikamayaka iye sakhala pansi, amaima n'kumatumikira alendo. A Dobrivoje anali ndi mwana winanso, Zlatko, woyendetsa basi ku Vienna, amene tchalitchi ankachilowa pakakhala ukwati basi. Patapita zaka mawondo a mkuluyo anafika pokaniratu ntchito. Tsiku lina anauza mpongozi wawo Gordana, akudziwa bwino lomwe kuti mawuwo akafika kwa mwamuna wake lisanalowe dzuwa, kuti, "Luka wa chaka chino ndi womaliza ine kuima. Ndiona kuti ndipereka kwa ndani."

Stanimir anamvadi tsiku lomwelo. Ankaifuna slavayo kuposa mmene akanavomerera pamaso pa munthu. Mwamuna wa imvi m'ndevu, wokhala m'nyumba imodzi ndi bambo ake, sakanapirira kuona chithunzi cha Luka Woyera chikutsitsidwa pakhoma n'kukwezedwa m'galimoto ya mng'ono wake.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene a Dobrivoje sankachidziwa. Stanimir ankasewera poka, juga ya makhadi, pa foni.

Anaiyamba chifukwa chosowa chochita. Pomatira matayala pamakhala chipwirikiti kawiri pa chaka, anthu akamasintha matayala a nyengo yotentha ndi a nyengo ya chipale, kenako mumangokhala n'kumayang'ana msewu. Mnzake wina anamuonetsa kuti pa intaneti pali mipikisano ya poka yolowa ulere. Sulipira kanthu, amakupatsa timakobidi ta masewero tofanana ndi ta wina aliyense, ndipo pa anthu zikwizikwi ochepa otsala kumapeto amagawana kamphoto ka ndalama zenizeni, kochepa koti nkhuku ingameze osatsamwa.

Gordana anamugwira sabata yoyamba yomweyo. Mkazi ameneyu ankamva fungo la juga ngakhale kuseri kwa khoma.

"Wayambanso?"

"Ndi zaulere, Goca. Taona wekha."

"Khoswe nayenso amati nyambo ya pamsampha ndi yaulere."

Anatenga foniyo, naitembenuza uku ndi uku, nawerenga zonse mpaka timalemba tating'ono tapansi. Kenako anaibweza. "Khadi la kubanki likhala kwa ine monga kale. Dinala imodzi yokha ya m'nyumba muno ikangolowa mmenemu, ine ndipakira, ukandipeza kwa amayi ku Niš. Ndipo usandibisire kanthu. Ukapambana undiuze, ukaluza undiuze."

Anagwirizana choncho, ndipo Stanimir anasunga pangano, zimene zinadabwitsa onse awiri.

Anthu ambiri olowa mpikisano waulere amasewera ngati nyumba ikupsa. Poti sanalipire kanthu, amaponya zonse pa makhadi oyamba amene agwira, kaya abwino kaya zinyalala, ndipo khofi asanazizire theka la anthu limakhala litatuluka. Poyamba Stanimir ankachita chimodzimodzi, magazi akale aja. Kenako anazindikira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yake yaikulu inasanduka kutaya makhadi. Ankataya, n'kutaya, n'kutayanso, kusiya amisala aja kuti adyane okhaokha, ndipo akagwira makhadi enieni ankawadikirira pakhomo. Munthu amene kale sankatha kudutsa makina a juga osaponyamo kanthu anaphunzira kukhala ola lathunthu manja ali pamawondo.

Palinso ena amene amalembetsa dzina n'kuiwala, kapena akazi awo awatuma kumsika. Mpando wawo umakhalapo ndithu, makina amawatayira makhadi, ndipo msonkho wa patebulo, umene aliyense amapereka nthawi yake ikakwana, umawanyenya pang'onopang'ono mpaka atatha. Stanimir ankawatcha akufa, ndipo ankawakonda ngati abale. Masenti ake oyamba anawapeza potola msonkho wa akufa.

Masenti amenewo sanawatape. Anawasunga momwemo kuti akhale mpamba. Atachulukirako anayamba kulowa nawo timipikisano tolipira pang'ono, koma anali ndi lamulo loti asaponye kagawo kamene kakatayika kangamulande tulo. Zikavuta ankabwerera ku zaulere osachita manyazi, n'kuyambanso kutola. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Patebulo aliyense amaika kachithunzi pafupi ndi dzina lake, ena galu, ena mbendera, ena mkazi amene si wawo. Stanimir anaikapo thirakitala yofiira ya bambo ake. Ankadziwa kuti mpamba wakewo sunali wokwana kugula ngakhale tayala limodzi lakumbuyo, koma munthu amafunika choyang'ana.

Chilimwe chonse anasonkhanitsa mapoyinti m'mipikisano yaulere, ndipo atatha anapatsidwa tikiti ya mpikisano waukulu wotsekera chaka, umene mphoto yake yoyamba ikanagula thirakitala yakale n'kutsalako za mafuta. Anathamanga kukauza Gordana, amene anali kukhitchini akukulunga sarma, nyama yogaya ya m'masamba a kabichi.

"Liti?" anafunsa Gordana osatukula mutu.

"Lamulungu masana."

"Lamulungu liti?"

Stanimir anayang'ana pa foni, nayang'ana kalendala ya tchalitchi pakhoma, ndipo chimwemwe chinamuthera. Linali tsiku la Luka Woyera.

"Ndimaganiza kuti ndikhoza kumangosuzumira," anatero patapita kanthawi. "Ndiika foni mukachipinda ka zakudya. Ndikapita kukatenga vinyo, ndiseweretu kamodzi."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Stane."

"Ndaugwirira ntchito chilimwe chonse."

"Ndikudziwa, ndinalipo. Ine sindikukuletsa. Koma atate akakuona ndi makhadi kandulo ikuyaka, sakufunsa kuti ndi aulere kapena ogula. Kwa iwo khadi ndi khadi." Anafinya sarma ina naiika mumphika. "Ndipatse mchere."

Tsikulo linacha bwino, kunja kuli kachisanu konunkhira utsi wa nkhuni. M'mawa anapita ndi buledi ndi tirigu wophika kutchalitchi, wansembe nazidalitsa. Atabwerako a Dobrivoje anavala suti yawo yakuda, anafukiza lubani m'zipinda, nayatsa kandulo yaitali patsogolo pa chithunzi. Kuyambira pamenepo anali chiimire. Stanimir nayenso sanakhale pansi, ngakhale lamulolo silinali lake.

Alendo a slava saitanidwa, amene anabwerapo kamodzi amadziwa njira. Anayamba kufika chakumasana, aliyense ndi botolo la rakiya, kachasu wa zipatso, kapena paketi ya khofi, akufuula pakhomo kuti, "Slava yabwino, eninyumba!" Zlatko anafika ndi chokoleti cha ku Vienna ndi jekete lachikopa, anapsompsona bambo ake katatu, nakhala pansi pafupi ndi nyama ya nkhumba yootcha ngati munthu amene wapeza kwawo. Kum Radiša, amene anaimira Stanimir ndi Gordana pa ukwati wawo, n'chifukwa chake iye ndi Stanimir ankaitanana kuti kum, anakhala kumutu kwa tebulo monga mwa mwambo, nayamba nthawi yomweyo kudandaula.

"Kume, rakiya iyi mwaisungunula ndi madzi a mumtsinje wa Morava kapena a pampopi?"

"Imwani kaye yachiwiri, kume, yoyamba imangotsuka kukhosi," anayankha Stanimir akumuthirira.

Nthawi ya mpikisano itakwana, anatenga jagi yopanda kanthu nalowa mukachipinda kosungiramo zakudya. Munali mdima pang'ono, mashelefu odzaza mabotolo a tsabola ndi majamu, pakona mgolo wa kabichi wovundikira ndi thabwa. Foni anali ataitsamiritsa pa botolo lina. Tebulo linali litatseguka kale, thirakitala yofiira ili pampando wake, makhadi akugawidwa.

Anaitenga foniyo. Kenako anadziona mmene anaimira: msana wopinda, phewa litatchinga chitseko, khutu limodzi lili kwa alendo, mpweya ataugwira. Kaimidwe kameneka ankakadziwa. Ndi mmene anaimira tsiku lija akutulutsa mapepala a thirakitala m'kabati ya bambo ake. Chaka chonse anasewera poyera, Gordana akusita zovala pambali pake n'kumamuseka akaluza, ndipo sanamvepo manyazi. Manyazi anabwera tsopano, ndipo sanali a makhadi, anali a kubisa.

Anaibweza foniyo pa botolo. Tisamupange woyera mtima munthuyu: kuizimitsa kunamukanika. Anaisiya ikuyaka, natunga vinyo, natuluka. Tsono thirakitala yofiira inakhala m'gulu la akufa, ndipo kwinakwake munthu wina wodekha anayamba kutola msonkho wake.

Msuzi unadutsa, sarma inabwera. Stanimir anazungulira tebulo ndi jagi, kuchotsa mbale, kubweretsa buledi, kuseka nthabwala za Radiša zimene anazimva chaka chatha ndi chaka chinacho. Ulendo wachiwiri wa kukatunga vinyo anadziuza kuti sayang'ana, ndipo anayang'ana. Panali akwini awiri, makhadi amphamvu, kamzere ka nthawi kakufupika pansi pawo. Chala chake chinanyamuka chokha.

"Kume! Tafa ndi ludzu kuno!" anafuula Radiša.

Akwini aja anapita. Stanimir anamva kuwawa kwenikweni, ngati wina wamuponda chala ndi nsapato. Anatunga vinyo, ndipo kuchokera pamenepo akafuna kanthu m'kachipindamo ankatuma Gordana.

Nyama itatha kuzungulira kachiwiri, anazindikira kuti bambo ake sakuoneka. Anasuzumira panja, kukhitchini, kuchimbudzi. Gordana anali ndi thireyi ya makeke m'manja onse awiri ndipo rakiya inali itatha patebulo, choncho anapita yekha kukachipinda kaja, nakankha chitseko.

A Dobrivoje anali atakhala pa mgolo wa kabichi. Nsapato imodzi anali ataivula, miyendo ataiwongola, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja.

Bambo ndi mwana anayang'anizana. Kuseri kwa khoma kandulo inali kuyaka ndipo alendo anali kuseka. Zinali zovuta kudziwa kuti wagwidwa ndi ndani.

"Tseka chitseko," anatero mkuluyo.

Stanimir anatseka.

"Thirakitala yanga ikutani pamenepa?"

Stanimir anafotokoza zonse, mosakonza bwino, kuyambira pakati n'kubwerera kumayambiriro: za mipikisano yaulere, za pangano la Gordana, za mpamba umene sunalowemo dinala ya m'nyumba, za tikiti ndi mphoto yake. A Dobrivoje sanamudule mawu. Maso awo anali pa foni.

"Makhadi ndimawadziwa, usandione chonchi," anatero. "Ku usilikali tinkasewerera ndudu. Chikhalireni pano, pabwera makingi awiri. Ndawaona ndi maso angawa. Ndimati mwini wake atulukira pompano, ndimugwire. Sanabwere. Makingi anangopita okha ngati alendo osalandiridwa. Ndani akusewera?"

"Palibe, atate."

"Nanga timakobidi tako tikuchepa bwanji?"

"Ndi msonkho. Ukapanda kukhalapo amakudya."

"Ndiye unayatsiranji?"

"Ndimafuna kumaba kampata kosewera pang'onopang'ono, inu osaona. Nditafika muno ndinalephera. Kuzimitsanso ndinalephera."

Mkuluyo anapukusa mutu, koma osati mokwiya. Anasisita bondo lawo lakumanzere. Stanimir anayang'ana mgolowo, nayang'ana nsapato yovulidwayo.

"Usandiyang'ane choncho. Ndinayamba chaka chimene amayi ako anatisiya. Ndimalowa muno, ndipumuleko pang'ono, ndituluke. Luka Woyera anali dokotala, za mawondo amazidziwa." Kenako anawonjezera motsitsa mawu. "Koma chaka chilichonse ndikatuluka muno ndimalephera kuyang'ana kandulo."

Pa foni panagawidwa makhadi ena. Timakobidi ta thirakitala tinali titatsala tochepa, toti msonkho ukazungulira kangapo titha. A Dobrivoje anayandikitsa foniyo kumaso. Panali eyisi ndi kingi.

"Awa ndi abwino, eti?"

"Ndi abwino kwambiri."

"Ukasewera ungadzukenso?"

"Mwina. Zimachitika."

Mkuluyo anamutambasulira foniyo. "Tenga. Chitseko n'chotseka. Ine sindinaone makhadi, iwe sunaone mgolo."

Sanali kumuyesa. Stanimir ankawadziwa bambo ake, ndipo anaona kuti akunena zoona, munthu wotopa amene akufuna kugawana chinsinsi ndi mwana wake kuti chipepuke. N'chifukwa chake zinali zovuta kukana. Kamzere ka nthawi kanali kufupika. Anaganiza za chilimwe chonse chija, za madzulo onse amene anataya makhadi mpaka khosi kuuma, za thirakitala ikulowa pageti amayi a kumsika aja akuona.

"Zobisa ndinatopa nazo, atate," anatero. "Mpamba ulipo, sukuthawa. Chaka chamawa kuli mpikisano wina. Kum Radiša alibe rakiya."

Anadutsa dzanja la bambo ake, natenga botolo pashelefu. Eyisi ndi kingi anapita.

A Dobrivoje anayang'ana foniyo kanthawi, kenako anaitsamiritsa pa botolo la tsabola pomwe anaipeza. Anawerama kuti avale nsapato, koma msana unakana. Stanimir anaika botolo pansi, anagwada, nawaveka, namanga chingwe.

"Ndidzutse."

Anawadzutsa. Anali opepuka kuposa mmene ankaganizira.

Atatuluka, mkuluyo sanapite pakona pamene ankaima chaka ndi chaka, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Anayenda pang'onopang'ono mpaka patsogolo pa chithunzi, anadzilemba mtanda, nayang'ana kandulo nthawi yaitali ndithu. Kenako anatembenuka, anagwira mpando umene unali wopanda munthu pafupi ndi Radiša, naukoka. Miyendo ya mpandowo inalira pansi. Anakhala.

Phokoso linatha m'nyumba monse. Azakhali ena anasiya foloko ili m'malere. Zlatko anayamba kudzuka, akuganiza kuti bambo ake adwala.

"Khala pansi, Zlatko, idya," anatero a Dobrivoje. "Sindinadwale. Ndine mlendo."

Radiša anayang'ana mkuluyo, nayang'ana kandulo imene inali ikuyakabe, nayang'ana Stanimir ataima pakati pa chipinda ndi botolo m'manja. Kwa nthawi yoyamba chifikireni anasowa nthabwala. Anaimirira, natukula tambula yake yopanda kanthu. "Slava yabwino, mwininyumba," anatero, ndipo sanali kuyang'ana a Dobrivoje.

Ena onse anatsatira. Zlatko anafuula kuposa aliyense, ndipo pankhope pake panaoneka mpumulo wa munthu amene katundu wolemera wamudutsa. Stanimir anayamba kuthira, kuyambira kwa kum monga mwa mwambo. Rakiya ina inagwera pa nsalu yoyera.

Gordana anatuluka mukachipinda kaja ndi botolo la tsabola. Podutsa anamugunda ndi chigongono, maso ake ali onyowa. "Thirakitala yako yatha mafuta," ananong'ona.

"Ndikudziwa."

"Zikupweteka?"

"Kwambiri. Mapazinso."

"Uzolowere. Kandulo ija ndi yaitali."

Kumutu kwa tebulo a Dobrivoje anali atamasula batani la pakhosi. Anadzikokera mbale ya sarma, imene kwa zaka zonsezo ankaidya yozizira, chiimire, alendo atapita. Analuma, natafuna pang'onopang'ono, maso atatsinzina. Kenako anagogoda tambula yawo patebulo.

"Mwininyumba," anatero, "kodi kuno okalamba simuwathirira?"